enhanced-h264ify pa laputopu yakale ya Core i3: YouTube yasiya kudukaduka, koma si zonse zomwe imakonza

Tiyambe ndi nkhani ya Flash chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amasochera. Vidiyo ikangoyamba kudukaduka pa kompyuta yakale kapena kukangobwera bokosi lakuda lija, munthu amathamangira kukasaka Flash Player poganiza kuti ndi pulagini yomwe ikusowa. Anzanga, Flash inafa kalekale. Adobe eni ake anasiya kuisamalira pa 31 Disembala 2020 ndipo kuyambira pa 12 Januwale 2021 Flash Player imakana yokha kusewera chilichonse, Firefox inaichotseratu pa Firefox 85 mwezi womwewo, ndipo YouTube inali itasamukira kale ku HTML5 mu Januwale 2015. Mapulagini ena akale aja, Silverlight, Java, QuickTime, aja ankadutsira khomo lotchedwa NPAPI, Chrome inatseka khomo limenelo mu 2015 pa Chrome 45 ndipo Firefox inatsatira mu Malichi 2017 pa Firefox 52. Nde tsamba lililonse lomwe lero likukuuzani kuti "Flash Player yanu yatha ntchito, dinani apa muyike yatsopano" dziwani kuti likufuna kukupatsani vairasi basi, palibenso china. Tsekani, musadine n'komwe.

Chomwe ndikufuna kukamba ine ndi ka ekisitenshoni (kapulogalamu koonjezera pa bulawuza) kakang'ono kotchedwa enhanced-h264ify, komwe ndakhala ndikugwiritsa ntchito pa laputopu ya Core i3 ya m'badwo wachiwiri, aja a Sandy Bridge a mu 2011, RAM 4GB, girafikisi ya Intel HD 3000, Windows 7, bulawuza Firefox 115 ESR. Makinawa pa zolembalemba ndi maimelo alibe vuto, koma ukatsegula vidiyo ya 720p pa YouTube zinkakhala zomvetsa chisoni, mawu akupita chithunzi chatsala mmbuyo, kenako chithunzi chija kuthamanga kuti chipeze mawu, fani ikulira osapuma, pansi pa laputopu potentha moti sungaiike pa miyendo. Ndipo chodabwitsa n'choti fayilo ya vidiyo ya 1080p yomwe ili kale mu kompyutamo imasewera bhobho pa pulogalamu yosewerera vidiyo ya VLC. Apa mpomwe pali yankho lonse, chifukwa zikusonyeza kuti makinawo mphamvu yosewerera vidiyo ali nayo ndithu, vuto ndi mtundu wa vidiyo yomwe ikubwera kudzera mu bulawuza.

Ndifotokoze pang'ono, mundipirire, chifukwa mukamvetsa apa zina zonse n'zophweka. Vidiyo iliyonse imabwera itapanikizidwa ndi kodeki, kutanthauza njira yopanikizira ndi kumasulira vidiyo, ndipo kompyuta imayenera kuimasula chithunzi chimodzichimodzi, ka 30 kapena ka 60 pa sekondi iliyonse. Kodeki yakale yodziwika ndi H.264, ya mu 2003. Kenako Google inatulutsa VP9 mu 2013, ndiye mu 2018 kunabwera AV1 kuchokera ku Alliance for Open Media. Zatsopanozi zimapanikiza bwino, chithunzi chokongola pa data yochepa, n'chifukwa chake YouTube imazikonda ndipo bulawuza ikangonena kuti ndingakwanitse VP9 kapena AV1 imatumiza zomwezo. Bulawuza sikuti imanama ayi, imakwanitsadi, koma imakwanitsa pogwiritsa ntchito purosesa. Pomwe mkati mwa girafikisi ya makina akalewa muli kagawo kapadera komwe ntchito yake ndi kumasula vidiyo basi, ndipo kamadziwa H.264 koma VP9 sikaidziwa. Pa Intel, VP9 inayamba kumasulidwa mokwanira ndi girafikisi pa Kaby Lake, m'badwo wa 7, ndipo AV1 inadikira mpaka Tiger Lake ya m'badwo wa 11 mu 2020. Nde taganizani, mwini nyumba akusenza yekha matumba thukuta lili kamukamu pomwe wantchito wakhala pakhonde manja lende chifukwa palibe wamupatsa katundu yemwe iye amadziwa kunyamula. Ndi zomwe zimachitika mu laputopu yanuyo.

Ka ekisitenshoni aka ntchito yake ndi imodzi: YouTube ikafunsa bulawuza kuti kodi VP9 umaitha, AV1 nanga, iko kamalowerera n'kuyankha kuti ayi sindimatha, ndiye YouTube imangotumiza H.264. Basi. Sikasintha vidiyo, sikadawuniloda kanthu, sikayika kodeki ina mu kompyuta. Koyambirira kanali h264ify, ndipo enhanced-h264ify ndi kamphukira kake komwe kali ndi mabokosi ambiri osankha, zonse ziwiri n'zaulere ndipo code yake ili poyera pa GitHub. Ine ndinasankha ya enhanced chifukwa ndimafuna kumatseka kodeki imodziimodzi pandekha, mwachitsanzo amene ali ndi makina a pakatikati, omwe VP9 amaitha koma AV1 ayi, akhoza kungotseka AV1 yokha n'kusiya VP9.

Kuyika kwake sikutenga nthawi. Pa Firefox mupite ku tsamba lenileni la ma add-ons a Mozilla, pa Chrome ku Chrome Web Store, mulembe dzinalo, muonetsetse kuti ndi lomwelo ndendende chifukwa zofanana maina zimakhalapo, muyike. Musatenge kwina kulikonse. Mukatero dinani kachizindikiro kake pamwamba paja, muona mabokosi: Block VP8, Block VP9, Block AV1, Block 60fps ndi ena. Atatu oyambawo akhale ochongedwa. Pali bokosi lina la Block h264, limenelo musalikhudze, mukachonga onse YouTube isowa chotumiza nkukupatsani uthenga woti vidiyo siingaseweredwe. Ndiye mutsitsimutse tsamba la YouTube ndi F5 chifukwa vidiyo yomwe inatseguka kale siisintha yokha.

Tsopano musangokhulupirira kuti zagwira, onani ndi maso. Dinani kumanja pa vidiyo pomwepo, pansi pa mndandanda pali "Stats for nerds". Kabokosi kakuda katuluka pakona, muyang'ane mizere iwiri. Wa Codecs ukayamba ndi vp09 ndiye kuti ikadali VP9, av01 ndi AV1, pomwe avc1 ndi H.264 yomwe tikuifunayo. Mzere wina ndi wa Viewport / Frames, umati "dropped" mwakuti "of" mwakuti, kutanthauza zithunzi zomwe kompyuta yataya chifukwa yalephera kuzimasula pa nthawi yake. Kwa ine ndisanayike, nambala ya dropped inkangokwera ndikuyang'ana, osaima. Nditayika n'kutsitsimutsa, Codecs inalemba avc1, dropped inadumpha pang'ono poyambirira pomwe tsamba limamaliza kutseguka kenako zii, inaima pomwepo mpaka vidiyo kutha. Mu Task Manager purosesa yomwe inkakhala kumwamba pafupi ndi 100% inatsika kufika pansi pa theka, ndipo patapita kanthawi fani inatsitsa mawu. Chinthu china chomwe sindinkayembekezera, mbewa ya kompyuta (mouse) inasiya kukakamira ndikamayenda pa tsamba vidiyo ikusewera, ndipo kulemba mu tabu ina kunasiya kuchedwa kuja koti walemba mawu onse zilembo n'kumabwera pambuyo.

Bokosi la Block 60fps, lotseka vidiyo za zithunzi 60 pa sekondi, ndikuona kuti anthu amalinyozera koma pa makina ofooka kwambiri ndi lomwe limapulumutsa. Vidiyo ya 720p60 ili ndi zithunzi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi ya 30, ndiye ngakhale H.264 imene, ma Celeron ndi ma Atom aja amatha kulemedwabe. Koma lili ndi khalidwe lake lomwe muyenera kulidziwa, vidiyo ikakhala kuti inakwezedwa pa 60fps nthawi zambiri 720p ndi 1080p zake zimakhala za 60 zokhazokha, nde mukatseka 60fps mumapezeka kuti chapamwamba chomwe chatsala pa mndandanda wa Quality ndi 480p. Munthu amadabwa kuti HD yapita kuti, kumaganiza kuti netiweki yavuta, chonsecho ndi bokosi lija. Pa i3 yangayi ndinalisiya losachonga chifukwa 720p60 ya H.264 ikuyenda bwinobwino, koma pa ka netbook ndikanachonga osaganizanso kawiri, 480p yoyenda myaa imaposa 720p yotsimphina.

Zoipa zake zilipo ndipo sindibisa. Choyamba 1440p ndi 4K zimasowa pa mndandanda chifukwa YouTube siipereka H.264 kupitirira 1080p, ngakhale kunena zoona pa sikirini ya 1366x768 ukufuna 4K ya chani. Chachiwiri, chomwe chili chenicheni, H.264 imafuna data yochulukirapo kuti ipereke chithunzi chofanana ndi cha VP9 kapena AV1, ndiye ngati intaneti yanu ndi yowerengera ma megabayiti kapena ndi yoyenda pang'onopang'ono mudziwe kuti mwapepukitsa purosesa koma mwalemetsa netiweki. Ndipo ukayang'anitsitsa malo amdima mu vidiyo kapena pomwe pali zinthu zambiri zoyenda nthawi imodzi, timabokosi tija timaoneka kwambiri pa H.264 kusiyana ndi VP9. Ine sizindivuta, koma alipo a maso akuthwa omwe zingawanyanse. Chachitatu kamagwira pa YouTube pokha. Masamba ena a vidiyo sikawakhudza, ngakhale ambiri mwa iwo amatumiza kale H.264.

Apa ndiye ndichenjeze, chifukwa ena ayika n'kubwera kudzati sizinasinthe kanthu. Ekisitenshoni imangobweretsa H.264 pakhomo, koma kuti girafikisi iilandire pafunika hardware acceleration (chomwe chimalola bulawuza kupatsira girafikisi ntchito) ikhale yoyaka komanso driver ya girafikisi, pulogalamu yomwe imayendetsa girafikisiyo, ikhale yeniyeni. Makompyuta ambiri akale omwe anafomatidwa amakhala akuyendera driver ya Windows yongogwirizira ija, mu Device Manager pa Display adapters imalemba "Standard VGA Graphics Adapter" pa Windows 7 kapena "Microsoft Basic Display Adapter" pa Windows 10. Mukaona zimenezo iwalani kaye za ma ekisitenshoni, kasakeni driver ya girafikisi yanu ku tsamba la omwe anapanga laputopu kapena la Intel, AMD, Nvidia, chifukwa popanda imeneyo chilichonse chikugwera purosesa. Mukakonza pamenepo, pa Firefox pitani ku Settings, General, mutsike mpaka Performance, muchotse chochonga pa "Use recommended performance settings" kuti muone ngati "Use hardware acceleration when available" ili yochongedwa. Pa Chrome lembani chrome://gpu mu adilesi, muone mzere wa Video Decode, ukufunika uzinena kuti Hardware accelerated. Ukanena Software only ndiye kuti mwina driver yanu ili pa mndandanda wa zomwe Chrome inaziletsa chifukwa zimagwetsa bulawuza, pali njira yoikakamiza mu chrome://flags pa "Override software rendering list", ena zimawayendera ena sikirini imayamba kuthwanima kapena vidiyo kusanduka yobiriwira, zikatero mungobwezera momwe zinalili. Ndipo a Windows 10 musadabwe mukapanda kuona GPU mu Task Manager pa makina ngati angawa, imaoneka pokhapokha driver ili ya WDDM 2.0 kupita mtsogolo, HD 3000 siifika pamenepo, nde muzingoyang'ana purosesa ndi dropped uja.

Pali gulu lina la mavuto lomwe ka ekisitenshoni aka sikangalikhudze n'komwe, lija loti vidiyo siikuyamba kumene osati kudukaduka. Apa ndi pomwe mapulagini enieni omwe atsala masiku ano amabwera. Pa Firefox lembani about:addons mudine Plugins, mupeza awiri okha. Woyamba ndi OpenH264 ya Cisco, ndipo ambiri amaganiza kuti ndi yomwe imasewera YouTube koma ayi, ntchito yake yaikulu ndi ma video call a mu bulawuza. Wachiwiri ndi Widevine ya Google, iyi ndi ya vidiyo ndi nyimbo zotetezedwa ndi DRM, loko woletsa kukopera, monga za Netflix ndi Spotify. Ngati masamba oterowo akukana, onani mu Settings kuti "Play DRM-controlled content" yachongedwa, mudikire kanthawi Firefox idawunilode Widevine yokha, mukaona kalembo kachikasu koti iyikidwa posachedwa koma sikakuchoka dinani kagiya pamwambapo musankhe Check for Updates. Ndipo onaninso wotchi ya kompyuta! Makina akale kabatire kakang'ono ka CMOS kakatha, tsiku limabwerera zaka mmbuyo nthawi zonse ukazimitsa, ndiye ma certificate onse, zitupa zotsimikizira masamba a pa intaneti, amaoneka ngati olakwika, Widevine siitsika, masamba ena satseguka kumene, munthu n'kumalimbana ndi bulawuza chonsecho vuto ndi deti.

China chobisika, Firefox pa Windows imadalira Windows yomweyo kuti imasule H.264. Pali ma Windows ena olembedwa N kumapeto, monga Windows 7 Professional N, omwe amabwera opanda zida za media, komanso ma Windows odulidwadulidwa aja otchedwa lite omwe anthu amakonda kuyika pa makina akale kuti apepuke. Pa amenewo mukayika enhanced-h264ify zinthu zimaipiraipira, chifukwa mwatseka VP9 yomwe imayenda mwapang'onopang'ono muja n'kusiya H.264 yomwe kulibe woimasula, vidiyo osasewera ndi pang'ono pomwe. Pa N mankhwala ake ndi Media Feature Pack ya Microsoft. Pa lite zija kaya, zimatengera kuti anadula chani, nthawi zina kumakhala kungoyikanso Windows yathunthu.

A Linux nkhani ndi yofananako. Firefox imafuna ffmpeg kuti isewere H.264, pa Ubuntu anthu amayika ubuntu-restricted-extras, pa Linux Mint pali bokosi la ma multimedia codecs lomwe limafunsidwa poyika penipeni, ukalidumpha umadzaona wekha. Kuti girafikisi igwire ntchito pafunika VA-API, njira yomwe Linux imapatsira girafikisi vidiyo, pa Intel zakale ngati Sandy Bridge driver yake ndi i965-va-driver, mukalemba vainfo mu terminal muone mizere yonena H264, ndipo pa ma Firefox ena pamafunika kuyatsa media.ffmpeg.vaapi.enabled mu about:config. Kunena mosapsatira, makina a Windows 7 amene amalowa pa intaneti tsiku ndi tsiku, njira ya Linux ndi yomwe ili ndi tsogolo. Microsoft inasiya Windows 7 pa 14 Januwale 2020, Chrome inaima pa 109 mu Januwale 2023, ndipo Firefox 115 ESR ndi yomaliza ya Windows 7 ndi 8.1, Mozilla inaiwonjezerapo masiku kangapo koma siipita patsogolo pa nambala imeneyo. A XP ndi Vista ndiye zawo zinathera pa Chrome 49 ndi Firefox 52 ESR. Kuli ma bulawuza opangidwa ndi anthu odzipereka ngati Supermium omwe amabweretsa Chromium (maziko a Chrome) yatsopano pa ma Windows akalewa, ndi ntchito yotamandika, koma za ku banki ine sindingalowere pa makina otere kaya bulawuza ndi iti.

Nanga amene akufunadi Flash, timagemu takale tija kapena tsamba lakale la maphunziro lomwe silinasinthidwe? Yankho ndi Ruffle, ekisitenshoni ina yaulere yomwe imasewera mafayilo a Flash otchedwa SWF popanda Flash Player, inalembedwa mu Rust ndipo Internet Archive imagwiritsa ntchito yomweyo pa zinthu za Flash zomwe inasunga. Makatuni ndi magemu osavuta amayenda, ena ovuta makamaka a ActionScript 3 amatha kutseguka theka kapena kukana. Pa makina akale imalemerako ndithu koma bola imeneyo kusiyana ndi kuyika Flash yakale yodzadza mabowo.

Tibwerere ku h264ify. Pali tinthu tiwiri tomwe ndimachita limodzi nayo ndipo ndikuona kuti timathandizana. Ndinayika uBlock Origin, ekisitenshoni yotseka zotsatsa, chifukwa pa masamba ambiri chomwe chimadya RAM ndi purosesa si vidiyo yomwe ukuonerayo koma zotsatsa zodziyendera zokha m'mbalimu. Ndiye pa YouTube pomwepo, pa kagiya ka vidiyo, ndinazimitsa Ambient mode, kuwala kuja komwe kumazungulira vidiyo ukakhala pa dark theme, n'kokongola inde koma makina a 2011 alibe mphamvu zotaya pa zokongoletsa. Live chat nayo ukamaonera za live itsekeni, imadya purosesa modabwitsa. Ndipo ngati mwachita zonsezi koma vidiyo imayamba bwino kenako pakapita mphindi zingapo n'kuyamba kudukaduka, limenelo si vuto la kodeki, ndi kutentha, purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsa yokha liwiro. Fumbi mu fani ndi thermal paste youma, palibe ekisitenshoni yomwe ingapukute zimenezo.

Ndiye ndingaipatse bwanji? Pa ntchito yomwe inapangidwira, nyenyezi zinayi mwa zisanu, imodzi ndachotsa chifukwa cha data ija ndi chifukwa choti siikuuza kalikonse zikavuta, palibe uthenga woti kompyuta yanu ilibe driver kapena Windows yanu ilibe H.264, umangofunika udziwe wekha kokayang'ana. Amene muli ndi Intel ya m'badwo wa 2 mpaka wa 6, kapena Core 2 Duo yokhala ndi girafikisi yomwe imatha H.264, yikani lero lomwe, muone avc1 mu Stats for nerds. A m'badwo wa 7 mpaka wa 10 mungotseka AV1 yokha, VP9 isiyeni chifukwa girafikisi yanu imaitha kale. Amene muli ndi makina atsopano a m'badwo wa 11 kupita mtsogolo musavutike nayo, ingokulandani 4K pachabe.